Mbaula Yoitanira Mvula

Al Ain, 9 Sepitembala 2024

Achemwali anga a Mwanasha,

Asalamu aleikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Hamad. Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula kutentha kumene kungaphike dzira likadali m'mimba mwa nkhuku. Kalatayi ndapatsira ba Chibesa, amene abwera kudzaoda nsapato za shopu yawo ya ku Kamwala, kwathu ku Lusaka. Foni ndikudziwa kuti simuikonda. Mumati pa foni munthu amangofunsa mnzake ngati wadya, mawu enieni n'kudzabwera atadula kale.

Ntchito yotsuka magalimoto ija ndinasiya. Tsopano ndili pa bwalo la ndege zing'onozing'ono, ndipo mukamva chimene ndimachita museka mpaka mpango kugwa. Ndimakweza mchere m'ndege. Timamangirira kumapiko timapaipi tonga makandulo, todzaza mchere wogaya bwino. Woyendetsa ndege akaona mtambo amaulowera kunsi n'kuyatsa timakandulo tija. Utsi wa mchere umakwera mumtambomo, ndipo nthawi zina mvula imagwa m'chipululu muno mwa Aluya.

Poyamba ndinkaganiza kuti ndalembedwa ntchito ndi amisala. Koma mmodzi wa odziwa zanyengo pano anandifotokozera tikumwa tiyi. Akuti mumpweya umene tikupumawu muli madzi osaoneka. Madziwo paokha sangapange dontho, amafuna kanthu koti agwireko, kaya kafumbi kaya kamwaye. Koma pa zonse amakonda mchere. Nyanja yaikulu ikawinduka, mafunde amalavulira m'mwamba timchere tosaoneka ndi maso, mphepo n'kutinyamula. Madzi aja amaunjikana pa kamchere kalikonse, kadontho n'kubadwa. Kakakula kamagunda tinzake n'kutimeza, mpaka kulemera, n'kugwa. Choncho dontho la mvula limakhala ndi kambewu pakati pake, ngati bwemba.

Atanena zimenezi ndinakumbukira kachitini ka mchere ka amayi, kamene kankakhala pawindo la kukhitchini. Mwezi wa Febuluwale mcherewo unkanyowa wokha, amayi n'kuthiramo mpunga pang'ono kuti usagwirane. Inu munkandinamiza kuti ndi mphaka wachita. Zaka zonsezi, achemwali, mphaka uja analibe mlandu.

Mundilembere za ku Kabwata. Ba Chibesa akuti kulibe magetsi, kulibe mvula, kuli dzuwa ndi misonkho basi. Mwana wanu Shamsiya ali bwanji ku Ndola ndi mwamuna wake? Ngati n'kotheka munditumizireko nsinjiro.

Mlongo wanu,
Wahabu


Kabwata, 6 Okutobala 2024

Wahabu mlongo wanga,

Wa aleikum salamu. Tonse tili bwino. Shamsiya ali bwino, ndi woyembekezera, koma usauze munthu. Nsinjiro ndatumiza.

Jakaranda wachita maluwa mumsewu wonse wopita kutawuni. Chaka chino amandimvetsa chisoni, chifukwa wavala bwino ngati mkwatibwi koma palibe womuyang'ana. Aliyense maso ali kumwamba kufunafuna mtambo. Magetsi amabwera ngati mlendo wolakwitsa nyumba, kupereka moni n'kutuluka. Madzulo timakhala pakhonde pomwe atate ankaika makina awo osokera, ndipo nthawi zina ndimamva ngati phazi lawo likupalasabe.

Pakhonde pomwepo ndi pamene ndinawerengera alamu ako kalata yako. Ndikadadziwa ndikadaiwerengera kubafa. Ukudziwa kuti bambo a Shamsiya si munthu wolankhula. Zaka zonsezi amangosula ndowa ndi mbaula zawo, kubwera, kuswali, kudya, kugona. Koma nditafika pa za kambewu ka dontho anaika kapu pansi. Anati ndibwereze. Ndinabwereza. Anati ndibwerezenso pamene pali timakandulo. Kenako anayang'ana denga nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ndiye kuti mitambo ya ku Lusaka kuno ndi yosathira mchere."

Wahabu, chaka chino mbaula zikugulidwa ngati mkate chifukwa cha magetsiwa. Mpaka amayi olemera a ku Woodlands akufola pa shedi yawo. Iwo asiya zonsezo. Apanga mbaula imodzi yokha, ya mgolo wathunthu. Pamwamba pake alumikiza ndowa zopanda matako, ina pa inzake, kukhala chumuni chachitali kuposa mtengo wa mapeyala. M'mbali muli gudumu la njinga lokhala ndi mapiko a malata, loti ukapukusa limauzira moto. Chonsecho achikweza padenga la nyumba ya atate n'kuchimanga ndi mawaya. Mchere amagula wa matumba ku Kamwala, ndipo amasinjira mumtondo mwanga. Nsinjiro zimene ndakutumizirazo usathiremo mchere.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi ichi. Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbukira. Tsiku la ukwati wanga kunachita mdima wa mvula, mpunga uli pamoto panja. Amayi ndi amake a Febby, a nyumba yoyandikana nayo ija, anatapa mchere wodzaza manja n'kuwaza pa mbaula. Unathetheka, iwo akuloza kumwamba ndi chikuni, ndipo mitambo inapita. Mumsewu muno mulibe mayi wosadziwa kuti mchere wa pamoto umathamangitsa mvula. Ndawauza alamu ako. Akuti, "Amayi anali ndi dzanja limodzi la mchere. Aluya ali ndi ndege. Ndimvere ndani?"

Febby yemweyo, amene tinkasewera naye phada pansi pa mpanda, tsopano ndi wapampando wa amayi a kumsika ndiponso mkulu ku tchalitchi chawo cha Pentekoste. Dzulo anasuzumira pampanda n'kufunsa kuti, "Ba Mwanasha, nanga ba Hamad bayamba kuphika kachasu pa mtenje?" Ndinaseka. Iye sanaseke kwambiri.

Ndine chemwali wako,
Mwanasha


Kamwala, 27 Okutobala 2024

Alamu,

Salamu. Ine ndine wosula, sindine wolemba, ndiye mundikhululukire ndingolunjika.

Makina ndapanga ndipo akuyenda. Ndimayatsa ndikachoka ku swala ya masana, dzuwa lili pamutu. Umboni ulipo kale. M'mawa malata ozungulira chumuni amakhala ndi timadontho pamene malata a anthu ena ali gwa. Ndinanyambita. Ndi madzi. Ndiye kuti mvula yayamba kubadwa, kungoti ikubadwira pansi m'malo mwa kumwamba.

Vuto ndi kutalika. Ndinapita ku thanki yaitali ya ku Chelstone ndi thumba la mchere kuti ndikwere ndikawaze pamwamba. Mlonda anandigwira mwendo ndili pa makwerero. Amati ndikufuna kuthira mankhwala m'madzi a anthu. Ndinamuuza kuti sindikufuna madzi a m'thanki, ndikufuna a kumwamba. Anandiyang'ana, n'kundiperekeza yekha pa minibasi, ndipo anauza kondakitala kuti asanditsitse panjira.

Tsono ndifunse. Mchere wa m'sitolo wothira ayodini uja mitambo imaulandira, kapena ndifune wa miyala umene amanyambita ng'ombe? China, utsi wanga ndi waulesi. Umatuluka bwino, koma ukafika pamwamba pa mapeyala umakhota n'kukagona pa zovala za ba Febby. Akuti malaya a amuna awo akuima okha. Aluyawo ayenera kuti amasakanizamo kanthu kena kouthamangitsa kuti ukwere. Musandibisire, alamu. N'zoona ndinakutengerani chemwali wanu, koma ndamusunga bwino, mano onse ali nawo.

Anthu avutika kuno. Mayi wina amene amagulitsa chimanga chootcha pafupi ndi shedi yanga wabwerera kumudzi chifukwa chimanga kulibe. Ngati chinthu chake ndi mchere basi, si bwino kungokhala.

Hamad


Al Ain, 10 Novembala 2024

Alamu anga, wakuba wa chemwali wanga,

Salamu. Makalata onse awiri ba Chibesa andipatsa limodzi. Ndaseka mpaka anzanga ogona nawo chipinda anaganiza kuti ndapeza mkazi. Zaka zonsezi ndimayesa kukuselewulani monga mlamu, inu osayankha, nkhope ngati chitseko cha banki. Kani munkasunga zonse kuti mudzandigwetse kamodzi! Ya mlonda wa ku Chelstone ndaifotokozera bwalo lonse la ndege. Ndipo achemwali nawonso mwawaphunzitsa bodza, mpaka ndowa zopanda matako.

Popeza mwandigwira pakhosi, chinsinsi cha Aluya ndi ichi, musauze munthu. Amathiramo tsabola wa kambuzi, wouma, wosinja. Mtambo ukafwenthera umayetsemula, ndipo chimene chimatuluka ndiye mvulayo. Mukaona kuti ukuchedwa, onjezerani. Wa ayodini ndi wabwino, mitambo isatupe pakhosi.

Mvula ikagwa munditumizireko m'botolo.

Achemwali, nsinjiro zafika, koma mwawonjeza mchere. Za Shamsiya ndasangalala, Mulungu amusunge.

Wahabu


Kabwata, 19 Disembala 2024

Wahabu,

Moni ndikupatsa chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero, koma ukadakhala pafupi ndikadakukoka khutu. Unaona liti alamu ako akunena nthabwala? Munthu amene pa ukwati wake womwe anafunsa shehe ngati kuseka n'kololedwa?

Tsabola anagula. Theka la thumba, kwa amayi a ku Soweto Market. Anasinja atamanga thaulo kumaso, nayatsa Loweruka masana, anthu ali m'makomo. Wahabu, msewu wonse unayetsemula. Ana, agalu, nkhuku, kwaya imene inkaphunzira nyimbo kwa Febby. Minibasi inaima pakona anthu n'kutsika akulira ngati akuchokera kumanda. Febby anatuluka maso ali psuu akukuwa kuti, "Ba Hamad, selukani! Mwatipaya!" Iwo ali padenga, misozi ili chuchuchu, akupukusabe gudumu, anayankha kuti, "Pirirani, mayi. Ngati pansi pano zikutere, kumwamba kuli bwanji?"

Tsabolayo anthu akadakhululuka. Chimene sakhululuka ndi mitambo. Mwezi uno yakhala ikubwera masana, yakuda bwino, yonunkhira dothi. Ikangofika pamwamba pathu alamu ako amathamangira padenga kukayatsa kuti ailandire. Ndipo mitamboyo, kaya ndi chiyani, imatembenuka. Ku Woodlands mvula yagwa. Ku Chelstone yagwa mpaka kugwetsa mpanda wa sukulu. Ku Kabwata fumbi lokhalokha. Anthu amaima m'misewu kuonerera mtambo ukubwera, kuonerera bambo a Shamsiya akuwaza mchere pamoto, kuonerera mtambo ukupita. Iweyo ukadaganiza chiyani?

Kenako kunabwera galimoto yaitali yakuda, yosamveka kulira. Munatuluka mayi wa ku Kabulonga, wonunkhira ngati sitolo ya sopo. Anati mwana wake Keziah akukwatiwa pa kapinga Khirisimasi isanafike, ndipo wamva kuti kuno kuli bambo amene amaimitsa mvula. Alamu ako anakwiya mmene sindinawaonerepo. Anati iwo amaitana mvula, saimitsa. Mayiyo anati, "Olo muziitana, bambo, malinga muziitana monga mwamene muitanila kuno." Anamuthamangitsa. Koma galimotoyo msewu wonse unaiona, ndipo pofika madzulo nkhani inali yoti Hamad amagulitsa mvula ya Kabwata kwa anthu olemera.

Tsopano sindikusekanso. Miyala yayamba kugwa padenga. Kumsika amayi amene ndakhala ndikugula kwa iwo tomato kuyambira ndili mtsikana amanditembenuzira msana. Lachiwiri kunabwera gulu pageti, ndipo mwamuna wina kumbuyo anakuwa kuti, "Bamanga mvula aba! Babwelele kwao ku Malawi!"

Kwathu kuti, Wahabu? Ku Machinga ndinapitako kamodzi, pa maliro a agogo, ndipo ana a kumeneko ankanditcha Mzambiya. Mchombo wanga unakwiriridwa kuseri kwa khitchini ino. Atate anasokera mayunifomu theka la anthu amene anaima pagetiwo. Febby anali kutsogolo. Sanakuwe nawo mawu amenewo, koma sanatembenuke kumuletsa. Anangoti Lamulungu akatuluka m'tchalitchi abwera onse, ndipo chimbaulacho chikapezeka chikadali padenga, atsitsa icho pamodzi ndi katundu wathu.

Ndawapempha alamu ako kuti achigwetse okha. Ashehe nawonso awapempha. Akukana. Akuti akachitsitsa ndiye kuti avomera kuti ankamanga mvula, ndipo dzina limenelo lidzatsala pa mdzukulu amene akubwerayo. Pamenepo sindingawatsutse. Ndinayesa kukuimbira pa foni ya ba Chibesa koma akuti mafoni mumasiya pageti la bwalo la ndege. Kalatayi ikamakupeza Lamulungu lidzakhala litadutsa. Ndangolemba kuti pakhale wina wodziwa kuti nyumba ya atate sitinaisiye mwadala.

Mwanasha


Al Ain, 28 Disembala 2024

Achemwali, alamu,

Salamu. Ndayesa foni ya ba Chibesa, ya Shamsiya, zonse zozima. Muli kuti? Muli moyo?

Alamu, za tsabola zinali zocheza. Ndinkayesa tikuselewulana. Mundimvere tsopano, ndikunena zoona zokhazokha. Mchere supanga mtambo. Umangothandiza mtambo umene wakhwima kale, wodzaza madzi, umene watsala pang'ono kugwetsa. Ndipo uyenera kulowa mumtambo mwenimwenimo, kutali kumwamba kumene ngakhale khwangwala safika, n'chifukwa chake amagwiritsa ntchito ndege. Timchere take n'tosalala kuposa ufa, osati wa mumtondo. Ngakhale kuno ndege zimapita n'kubwerako chimanjamanja masiku ambiri, ndipo odziwawo amatsutsanabe kuti mvula imene yagwa ndi ya mchere kapena ikadagwa yokha. Timadontho ta pamalata tija ndi mchere wanu womwe ukukoka chinyezi cha m'mawa, ndipo udya malatawo.

Mbaula yanu siingaitane mvula. Siingathamangitsenso mvula. Mtambo sudziwa n'komwe kuti ku Kabwata kuli munthu dzina lake Hamad. Muwawerengere anthu onse kalatayi, ba Febby akhale kutsogolo. Ngati mwachoka kale panyumba, ndiuzeni kumene muli, ndipempha tchuthi.

Wahabu


Kabwata, 14 Januwale 2025

Wahabu mlongo wanga,

Wa aleikum salamu. Pukuta maso, tili moyo, ndipo ndikulemba ndili pakhonde la atate, mapazi ndaika pa njerwa chifukwa pansi pali madzi.

Loweruka lija, tsiku limodzi gulu lisanabwere, ndinakhala kukhitchini kuganiza. Mwamuna wanga amati mbaula imakoka mvula. Msewu wonse umati imakankha mvula. Ndinaona kuti kuwagwirizanitsa pa chimene mbaula imachita sindingathe. Koma mwina akanagwirizana pa kumene iyenera kukhala.

Ndinayamba ndi alamu ako. Ndinati, "Bambo a Shamsiya, mphepo imachokera kuti?" Anati kum'mawa, cha ku Woodlands. Ndinati, "Nanga utsi wanu waulesi uja, mukauyatsira ku Woodlands, sungakhale ndi mtunda wokwerera pang'onopang'ono, n'kufika pamwamba pa Kabwata uli kale m'mitambo?" Anaika supuni pansi. Anati akhala akudabwa kuti cholakwika chili pati.

Kenako ndinapita pampanda, pamalo pomwe pali potsika pamene tinkadumphira tili ana. Ndinaitana Febby. Anabwera manja atapinda. Ndinati, "Febby, chinthuchi chimakankha mvula, si choncho?" Anati eee. Ndinati, "Chili kuno chimakankhira ku Woodlands. Nanga chikakhala ku Woodlands chikankhira kuti?" Ndinaona milomo yake ikuyenda. Kenako anati, "Iwe Mwanasha, unali wochenjela na ku sukulu."

Choncho Lamulungu gulu limene linabwera kudzatitulutsa linatsitsa mbaula mosamala ngati mkwatibwi. Amuna anaiika pa ngolo ya matayala awiri ya munthu wogulitsa makala, chumuni chili chogona, matumba a mchere pambali. Tinauyamba ulendo mu Burma Road. Kutsogolo alamu ako ndi kofia yawo yoyera, atanyamula gudumu. Kumbuyo amayi a Pentekoste ndi zovala za kutchalitchi, akuimba nyimbo yothamangitsa adani. Mwamuna uja amene anakuwa za ku Malawi ndi amene ankakankha ngolo, thukuta lili kamukamu, akufunsa kuti, "Ba Hamad, tiyike pa laundabauti olo pafupi na ma nyumba ya ma bwana?" Magalimoto ankatipatsa njira poganiza kuti ndi maliro a munthu wamtali.

Sitinafike. Tili pakati pa njira mphepo inatembenuka, kunja kunada, ndipo dontho loyamba linamenya mgolo kuti ngo! Kenako kumwamba kunang'ambika. Machesi anali asanatuluke n'komwe m'thumba.

Anthu anakuwa, ana anavula malaya. Ine ndekha ndinaona chimene chikubwera. Mbaula yangochoka ku Kabwata, mvula n'kugwa. Kodi umenewu si umboni woti ankaimangadi? Ndinayang'ana Febby. Iye ankayang'ana alamu ako. Anali ataima pakati pa msewu, kofia itagwa, atagwira thumba la mchere limene linkasungunuka m'manja mwawo, madzi oyera akutsikira m'zigongono. Ankalira, Wahabu, pakamwa pali yasa ngati mwana. Ankangoti, "Yanunkhiza. Yanunkhiza mchere yokha, osayatsa n'komwe."

Febby anapita pomwepo. Anamasula chitenge chake cha kutchalitchi n'kuwafunditsa kumutu. Anati, "Ba Hamad, muzadwala. Imwe mulibe mulandu, ni chimbaula chabe ndiye chinali na mutima woipa." Iwo anati mbaulayo ilibe mtima woipa. Iye anati ili nawo. Anatsutsana choncho njira yonse yobwerera, pansi pa chitenge chimodzi, ngolo ikubwera m'mbuyo yopepuka chifukwa mchere wonse unali utapita mu ngalande.

Kuyambira tsiku limenelo mvula sinaleke. Ngalande zadzaza, madzi alowa m'nyumba, kwa Febby afika m'miyendo ya bedi. Denga lathu likudontha pamalo ponse pamene panagona mchere, monga unanenera.

Kalata yako inafika dzana. Ndinachita monga unapempha. Ndinaitana anthu pakhonde, Febby kutsogolo, n'kuwerenga yonse mokweza, mpaka pamene unati mtambo sudziwa kuti kuli munthu dzina lake Hamad. Alamu ako anapukusa mutu n'kunena kuti, "Mwanayu wakhalitsa m'chipululu." Febby anati, "Zoona. Dzuwa yamuocha mutu. Ise tinaona na menso." Aka n'koyamba chiyambire Okutobala kuti awiriwa avomerezane. Usakhumudwe. Ine ndakukhulupirira, koma ndinaona kuti si tsiku lake lonena.

Tsono dzulo Febby anabweranso ndi gulu lomwe lija, mathalauza atapinda, madiresi atakwinya. Akufuna mbaula ibwerere padenga, iyatsidwe, ikankhe mvulayi ipite ku Kabulonga. Alamu ako akukana kwamtuwagalu. Akuti akangoyatsa, ndi mmene mitambo yakhutiramu, Kabwata yense asanduka damu. Agwirizana zoti mbaulayo ikhale pansi pa mtengo wa mapeyala, yovundikira ndi tenti, machesi asunge Febby, mchere asunge iwo, kuti wina asayatse popanda mnzake.

Ndinawauza kuti mwezi wamawa tikufuna kupita ku Ndola, chifukwa masiku a Shamsiya ayandikira. Gulu lonse linakana. Mwamuna wa ngolo uja anati, "Iyayi! Nanga zikavuta kumwamba tizaitana ndani?" Febby wagamula kuti ine ndipite ndekha, adzandiperekeza yekha ku siteshoni, koma ba Hamad sachoka mu Kabwata mpaka mvula itatha mu Epulo, ndipo ngakhale pamenepo ayambe atsanzika.

Moti alamu ako ali pa ukaidi, m'nyumba mwawo momwe. Pamene ndikulemba pano ali pa makwerero kwa Febby, akumata denga lake, ndipo ndikuwamva akutsutsana naye kudzera pa bowo la dengalo.

Ukamabwera ubwere ndi jombo.

Chemwali wako,
Mwanasha